Kusonkhetsa chakudya kumayambira pakhomo la wolandira

Ndinayamba kusonkhetsa chakudya ndili kusekondale, ndipo mpaka pano ndikadali m'kagulu ka achinyamata kamene kamagwira ntchito imeneyi. Anzanga ofuna kuyambitsa zawo akabwera kudzandifunsa nzeru, pafupifupi onse amayamba ndi funso limodzi: titani kuti anthu apereke? Ndimawauza kuti pamenepo asade nkhawa. Anthu amapereka. Ikani katoni pakhomo la sukulu, la ofesi kapena la nyumba yopemphereramo, lembanipo kuti n'zothandizira mabanja amene akugona ndi njala, muona idzadza. Nkhani yagona pa zimene zalowa m'katonimo, kumene zikupita, tsiku limene zikafike, ndi mmene wolandirayo akamvere mumtima pozinyamula. Ntchitoyi imayenda bwino mukaiyambira pakhomo la wolandira, kenako n'kumabwerera m'mbuyo mpaka kukafika kwa wopereka.

Chimene chinandikokera m'zimenezi ndi mnzanga wina wa m'kalasi. Anali wanzeru, koma ikamakwana nthawi ya masana mutu unkangogwera padesiki. Nthawi yopuma ankasowa, ndipo tikamupeza n'kumuitana kuti tidyere limodzi ankangoti, "Ndadya kale, aise." Panapita nthawi ndithu kuti ndidziwe kuti kwawo ankaphika kamodzi patsiku, madzulo, ndipo masiku ena moto sunkayaka n'komwe. Njala yambiri imabisala chonchi. Munthu wasamba, wavala bwino, akuseka nanu, koma m'mimba muli pululu.

Lipoti la mabungwe a United Nations lomwe linatuluka mu 2024 linati m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 733 miliyoni ankavutika ndi njala, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 11 alionse padziko lapansi. Komatu dziko silikusowa chakudya. Kafukufuku wa mu 2011 wa FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cholimidwira anthu limawonongeka kapena kutayidwa, matani pafupifupi 1.3 biliyoni chaka chilichonse. Katswiri wa zachuma Amartya Sen, amene anaona njala ya ku Bengal ya mu 1943 ali mwana, anafotokoza kuti anthu amatha kufa ndi njala chakudya chili m'misika, chifukwa chosowa njira yochipezera: ntchito yatha, mitengo yakwera, kandalama kamene ali nako sikakugula kanthu. Nditawerenga zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake mnzanga uja ankagona osadya pomwe masitolo a pafupi ndi kwawo anali odzaza. Kusonkhetsa chakudya n'kungochisuntha, kuchichotsa pamene chatsala n'kuchifikitsa pamene chasowa. Ndiye pamene chasowapo muyenera kupadziwa bwino.

Tisanapemphe aliyense kanthu, timayamba tayenda. Sitiyenda tokha, chifukwa wachinyamata akangotulukira pakhomo la eni n'kuyamba kufunsa zimene adya dzulo amaoneka wachipongwe. Timadzera kwa anthu amene amawadziwa kale mabanjawo: aphunzitsi, azaumoyo, atsogoleri a zipembedzo ndi akuluakulu a m'deralo. Iwowa ndi amene amadziwa mwana amene wasiya kubwera kusukulu, kapena nkhalamba imene ikulera ana yokha.

Tsiku lina tinafika kwa agogo ena amene ankalera adzukulu atatu. Tinawafotokozera zimene tikufuna kuchita, ndipo tinatchula nyemba zouma, poti n'zimene anthu amakonda kupereka. Agogowo anaseka chapansipansi. "Zikomo ana anga, koma nyembazo ndiphika ndi chiyani? Moto wake ndi wa maola angati?" Anatilozera pophikira pawo. Panali kapoto kamodzi kopindika m'mbali ndi tinkhuni tochepa toti sitingawiritse ngakhale madzi osamba. Kenako anayasamula n'kutionetsa kuti mano anatsala awiri okha. "Ine zolimba ndinasiyana nazo kalekale." Pakhomo pamenepo chofunika chinali chakudya chopsa msanga ndi chofewa, ndipo tikanapanda kufika sitikanadziwa.

Choncho pakhomo lililonse timafunsa kuti pali anthu angati, ndipo ana osakwana zaka 5 alipo angati. Alipo woyembekezera kapena woyamwitsa? Alipo wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, kapena amene amamwa mankhwala ofuna kuti ayambe wadya? Amaphikira chiyani, madzi amawapeza bwanji, chakudya akalandira akachisunga pati? Pali zimene sadya chifukwa cha chipembedzo kapena chifukwa thupi lawo limadana nazo? Mafunsowa amatha pa mphindi zochepa, ndipo mayankho ake ndi amene amatiuza zoti tikapemphe.

Mukangolemba kuti "perekani chakudya chilichonse", mwalira mvula, ndipo matope ake muwaona. Anthu amakhuthula makabati. Mudzalandira zitini zimene eni ake anagula kalekale n'kuziiwala, maswiti, mapaketi otsegula kale, ndi zina zoti ngakhale inuyo simukudziwa kaphikidwe kake. Sikuti ndi oipa mtima ayi, kungoti simunawauze chimene chikufunika. Ife timatchula zinthu zinayi kapena zisanu basi, ndipo tinatengera mmene WFP, bungwe la United Nations logawa chakudya, limakonzera chakudya cha anthu amene agwa m'mavuto: chokhutitsa monga ufa kapena mpunga, za m'gulu la nyemba, mafuta ophikira, ndi mchere wokhala ndi ayodini. Muyezo umene mabungwe othandiza pangozi amatsata ndi wakuti munthu wodalira thandizo lokhalokha azipeza makalori 2,100 patsiku (makalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi). Ife sitifika pamenepo ndipo sitinamizira kufikapo, koma muyezowo umatithandiza kuwerengera kuti thumba limene tikupereka likhala masiku angati pakhomo la anthu asanu ndi mmodzi.

Pa zonsezi chimene ndimalimbikira kwambiri ndi mafuta ophikira. Opereka amawazemba chifukwa ndi odula, komanso botolo lake limaoneka laling'ono ukaliika pambali pa thumba la ufa. Koma galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, kuposa kawiri mphamvu ya galamu imodzi ya ufa kapena shuga. Mwana wamng'ono ali ndi kamimba kakang'ono, sangamalize mbale yaikulu. Supuni imodzi ya mafuta m'phala lake imawonjezera mphamvu popanda kuchulukitsa chakudyacho. Mchere wa ayodini nawo anthu amaupeputsa, chonsecho umateteza ku chithokomiro ndipo umathandiza kuti ubongo wa mwana ukule bwino.

Pali zimene timakana. Chakudya chophika kale, chotsegulidwa, kapena chofuna firiji sitilandira, poti tilibe posungira pozizira. Mkaka wa m'chitini wa makanda timaukananso, ngakhale wopereka akhumudwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana aziyamwa bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira, ndipo mu 1981 mayiko anagwirizana malamulo oyendetsera katsatsidwe ka mkaka woterewu, omwe amaletsa kukopa amayi ndi zitini zaulere. Mayi akalandira chitini chimodzi n'kuchepetsa kuyamwitsa, mkaka wa m'mawere umayamba kuchepa. Chitini chikatha alibe ndalama yogulira china, ndipo ngati madzi osungunulira si aukhondo mwana amatsegula m'mimba. Khanda lofunikadi mkaka wotere nkhani yake ndi ya achipatala.

Musaiwale ogulitsa. Nkhokwe yoyamba yosonkhera chakudya cha ovutika inatsegulidwa mu 1967 ku Phoenix, m'dziko la America, ndi John van Hengel, amene anaona masitolo akutaya chakudya chabwinobwino n'kuyamba kukachitenga. Nzeru imeneyo ikugwirabe ntchito. Pitani kwa eni masitolo, ophika buledi ndi alimi mukawafunse zimene zimawatsalira, koma mupite mutakonza kale chonyamulira ndi koti mukazigawe tsiku lomwelo, poti zoterezi sizichedwa kuwonongeka.

Ena amafunsa ngati angapereke ndalama m'malo mwa chakudya. Ine ndimalandira ndi manja awiri. Ndalama imagula chimene chaperewera, ndipo kugula zambiri nthawi imodzi kumatsitsa mtengo. Koma ndalama yomweyo ndi imene imapha magulu a achinyamata. Wolandira ndalama asakhale yemweyo wokagula, ndipo lisiti lililonse limatidwe m'buku. Poyamba achikulire ambiri ankatikayikira, ndipo bambo ena anatiuza pamaso kuti, "Ana inu mukadya nokha zimenezi." Sitinakangane nawo. Titagawa tinawapititsira buku lija, anavala magalasi n'kuwerenga tsamba ndi tsamba osanena kanthu. Mwezi wotsatira anatuma mwana wawo ndi botolo la mafuta.

Tsiku losankhula ndi limene ndimalikonda, ngakhale ndi lotopetsa. Timayala tebulo lalitali, aliyense wasamba m'manja, makatoni n'kumakhuthula imodziimodzi. Chitini chilichonse timachitembenuza m'manja. Chikakhala chotupa pamwamba kapena pansi, chadzimbiri kwambiri, chodontha, kapena chophwanyika pamsoko, chimapita kotaya, ndipo palibe wotsegula kuti alawe. Chitini chotupa chikhoza kukhala ndi poizoni wa mabakiteriya oyambitsa matenda a botulism, amene amafoola minofu mpaka munthu kulephera kupuma. Kenako timaona madeti. Pamapaketi ambiri pamalembedwa mwina "use by" mwina "best before". Deti loyambalo likadutsa, chakudyacho sichipita kwa munthu, zivute zitani. Lachiwirilo limanena za kukoma kwake, moti mpunga wosungidwa bwino susanduka woopsa tsiku lotsatira, komabe malamulo a zimenezi amasiyana dziko ndi dziko, ndiye funsani azaumoyo kwanuko. Ife timalemba deti ndi cholembera chachikulu pamwamba pa paketi kuti lizioneka patali, ndipo zotsala pang'ono kutha ndi zimene zimayamba kutuluka.

Mbewu zobwera m'matumba osamata kufakitale timapisamo dzanja mpaka pansi. Dzanja likamva kutentha kapena chinyezi, kapena mphuno ikamva fungo la chuku, thumbalo latha ntchito. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Mukaona timabowo panjere ndi kafumbi pansi pa thumba, dziwani kuti anankafumbwe alowa, ndipo thumba limenelo lisayandikane ndi linzake. M'gulu lathu muli mtsikana wina amene amadziwa thumba loipa asanalimasule n'komwe. Amangolinunkhiza n'kupukusa mutu, ndipo tikamasula timapeza zilidi choncho.

Patebulo pamenepa sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Koma munthu wanjala sasankha, adya basi." Ameneyo timamufunsa ngati angapatse mng'ono wake. Munthu amene wakhala akudya moperewera thupi lake ndi lofooka kale, ndipo kutsegula m'mimba kumene inu mungachire mawa, iye kukhoza kumugoneka m'chipatala.

Posungira pakhale pouma, podutsa mphepo, ndiponso potsekeka. Matumba timasanjika pamatabwa kuti asagunde pansi kapena khoma, ndipo sopo ndi mankhwala ophera tizilombo zimakhala kwina chifukwa ufa umakoka fungo. Musasonkhetse choposa chimene mungathe kusunga bwino. Mulu waukulu umakoma pachithunzi, koma amene amaudyerera ndi makoswe.

Opereka ali ndi nyengo yawo, njala nayo ili ndi yake, ndipo ziwirizi sizikumana kawirikawiri. Anthu amawolowa manja pa zikondwerero zikuluzikulu za chipembedzo, kumapeto kwa chaka, kapena pa 16 Okutobala, tsiku loganizira za chakudya padziko lonse. Koma kwa mlimi njala imaluma m'miyezi yomaliza asanakolole, kwa wolandira pamwezi ndi sabata yomaliza malipiro asanatuluke, ndipo kwa mwana amene amadya kusukulu ndi nthawi ya tchuthi. Za tchuthizi wosewera mpira Marcus Rashford ankazidziwa bwino, chifukwa iye mwini anakula akudalira chakudya chaulere cha kusukulu. Mu Juni 2020, ali ndi zaka 22, analembera kalata aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Britain, ndipo boma linasintha maganizo n'kupitiriza kupereka mavocha a chakudya kwa ana a mabanja osauka ku England pa tchuthi chonse cha m'chilimwe. Chimene chimandigwira mtima pa nkhani yake n'chakuti anatchula ana enieni amene akuvutika, milungu imene avutike, ndi chinthu chenicheni chimene chikufunika.

Ife tinasankha kutenga mabanja ochepa n'kumawafikira mwezi uliwonse pa tsiku lodziwika, kusiyana n'kugawira khamu kamodzi pachaka. Mayi akadziwa kuti Loweruka loyamba la mwezi kubwera mafuta ndi ufa, amatha kukonza kuti kandalama kake kapite ku sopo kapena ku makope a ana. Zouma zimene zabwera zambiri pa zikondwerero, ngati madeti ake akulola, timasungako kudikira miyezi yowawa.

Pogawa ndi pamene ntchito yabwino imatha kusanduka chipongwe. Ndinaonapo kwina anthu ataimikidwa pamzere padzuwa, mayina akuitanidwa pa chokuzira mawu, aliyense akulandira thumba uku akujambulidwa, madzulo ake nkhope zawo zili pa Facebook. Mwana wa mayi wojambulidwayo mawa lake akupita kusukulu anzake ataona kale. Anthu ambiri amene ali pamavuto enieni pamzere wotere sabwera, amalolera kugona ndi njala.

M'gulu lathu foni zimakhala m'thumba pogawa. Opereka akafuna umboni timawajambulira katundu, sikelo ndi buku, mayina titaphimba. Wina akanena kuti apereka pokhapokha dzina lake kapena la chipani chake lilembedwe pamatumba, kapena kuti olandira abwere adzamuombere m'manja, timamuthokoza n'kumusiya ndi katundu wake. Zimawawa kubweza chakudya uku ukudziwa pakhomo pamene palibe, koma ukangolola kamodzi, mawa kaundula wa olandira adzayamba kulemba ndi iyeyo. N'chimodzimodzinso ndi za chipembedzo. Sitifunsa munthu kumene amapemphera, ndipo sitimuuza kuti ayambe wamvera ulaliki kuti alandire.

Chakudya timachiika m'zikwama wamba, zoti woona angaganize kuti munthu akuchokera kogula zinthu. Okalamba ndi odwala timawapititsira kunyumba, masana, ndipo timapita awiriawiri pofuna kuteteza iwo ndi ife tomwe. Pamene zingatheke timayala zinthu patebulo n'kumusiya munthu asankhe yekha. Bambo ena anabweza paketi ya shuga n'kutenga mchere, amvekere, "Shugayu mupatse amene ali ndi ana, achimwene, ine adokotala anandiletsa." Tikanawamangira thumba, shugayo akanangokhala kapena akanagulitsidwa.

Za kugulitsazi anthu amapsa nazo mtima kwambiri. Mudzamva kuti uje wagulitsa mafuta amene munamupatsa. Ine sindithamangira kumufufuta m'kaundula. Ndimapita kukacheza naye, ndipo kawirikawiri ndimapeza kuti ankafuna ndalama yoyendera popita ndi mwana kuchipatala, kapena ya lendi. Chinthu ukapereka chakhala chake. Amene sindimunyengerera ndi wa m'gulu lathu lomwe, wolembetsa m'bale wake wosavutika kapena wofuna kanthu kwa wolandira. Makamaka mnyamata kapena bambo wofunsira mtsikana kapena mayi posinthana ndi thumba, ameneyo amachoka tsiku lomwelo ndipo nkhani yake imakafika kupolisi. Olandira onse timawauza poyera kuti chakudyachi n'chaulere, ndipo timawatchulira munthu wamkulu wa kunja kwa gulu lathu amene angakamudandaulire.

Pali njala ina imene thumba lathu silingaithe. Azaumoyo anatiphunzitsa kuyang'anitsitsa ana aang'ono tikafika pakhomo. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 amamuyeza mkono, pakati pa phewa ndi chigongono, ndi katepi ka mitundu itatu. Muyezo ukatsika pa masentimita 11.5, pofiira paja, mwanayo wanyentchera koopsa. Chizindikiro china ndi kutupa mapazi onse awiri, koti ukadina ndi chala kwa masekondi atatu pamatsala kadzenje. Mwana wotere afunika chipatala tsiku lomwelo, kumene amapatsidwa mankhwala ndi chakudya chapadera chochiritsa. Ntchito yathu pamenepo ndi kuperekeza mayiyo, kenako kuonetsetsa kuti ana ena a pakhomopo ali ndi chakudya, chifukwa pakakhala palibe, chakudya cha wodwala chija chimagawidwa nyumba yonse ndipo mwanayo sachira.

Mu 2015 mayiko a mu United Nations analonjeza kuthetsa njala pofika 2030. Zimenezo sizingatheke ndi makatoni athu, zimafuna ntchito, malipiro okwanira, ulimi wabwino, mtendere ndi ndondomeko za maboma. N'chifukwa chake pakhomo lililonse timafunsanso ngati banjalo likudziwa za thandizo la boma kapena la mabungwe limene likuyenera kulandira, ndipo ovutika kulemba mafomu timakhala nawo pansi n'kuwathandiza. Banja likalowa m'ndondomeko yokhazikika, malo ake m'kaundula wathu amapita kwa lina.

Kwa wachinyamata mnzanga amene ali pasukulu, ntchitoyi imadya nthawi, ndipo ukayamba kudziwika anthu amagogoda ngakhale usiku. Nthawi ya mayeso timasinthana, amene akulemba amapuma. Pakhomo la munthu musalonjeze chimene simunachigwire m'manja. Komanso achinyamata sakhalitsa pamodzi, wina wapita kukoleji, wina wapeza ntchito kutali. Choncho udindo uliwonse uli ndi anthu awiri, wakale ndi wina wamng'ono amene akuphunzira, ndipo zonse zimalembedwa m'buku kuti munthu mmodzi akachoka gulu lisachoke naye.

Miyezi ina chakudya chimaperewera. Zikatero sitithawa kapena kuzimitsa foni. Timakhala pansi ndi akuluakulu amene anatilozera mabanja aja, n'kuika patsogolo makomo amene ali ndi ana aang'ono, oyembekezera ndi odwala. Otsalawo timawauza kudakali masiku kuti mwezi uno thumba lichepa kapena silibwera, kuti ayambiretu kuyang'ana kwina. Ulendo wokanena zimenezi palibe amene amaufuna, ndiye timapita awiri, wakale m'gulu ndi watsopano, ndipo tisanatsanzike timawauza tsiku lenileni limene tidzabwerenso.